Munthu Wokhalitsa Pamalo

Nkhani imene inakambidwa pa Balaka, pamwambo wothokoza mayi amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi

  

Komiti yandituma kuti ndilankhule za mayi athu akhala apawa. Iwo anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti mawuwa akadzasindikizidwa dzina lawo lisadzalembedwemo. Pempholo ndalilemekeza. Ndiziwatchula monga mmene timawatchulira tikakumana nawo panjira: Aphunzitsi.

Ndabwera ndi mfundo zinayi. Yoyamba ndi ya kukhalitsa pamalo. Yachiwiri ndi ya ntchito yawo, yolipidwa ndi yosalipidwa yomwe. Yachitatu ndi ya banja lawo. Yachinayi ndi ya ife amene takhala tikuthandizidwa. Ndikupemphani kuti mundilole ndichedwe pang'ono pa yachiwiri, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Mfundo yoyamba: kukhalitsa pamalo

Aphunzitsi sanabadwire kuno. Anatsika sitima pasiteshoni yathuyi mu 1979, atangomaliza maphunziro awo a uphunzitsi ku Bembeke, m'boma la Dedza. Nthawi imeneyo Balaka sanali boma paokha. Tinali pansi pa Machinga mpaka mu 1998. Anabwera ndi sutukesi imodzi ndi kalata yowatumiza kusukulu, ndipo akuluakulu amene anawalandira ayenera kuti anati mumtima, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Akanaganiza choncho sakanalakwa. Tauni ngati yathuyi ndi malo odutsa. Wapolisi amabwera, pakapita zaka zitatu wasamutsidwa. Namwino amabwera, wapita. Kalaliki wogula thonje amaoneka nyengo yokolola basi. Ana athu enieni akangolemba mayeso a Fomu 4, maso amakhala ali ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni. Sindikuwadzudzula, chifukwa munthu amatsata kumene kuli chakudya, ndipo makomo ambiri muno ali ndi malata chifukwa cha ndalama za ana amene anapitawo. Koma tauni imene aliyense ndi wodutsa ilibe mwini. Payenera kupezeka ena otsala.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 84 amakhala kumidzi. Anthu amenewa akadwala, akafuna sekondale, akakhala ndi mlandu, sathamangira ku Lilongwe. Amabwera paboma ngati pano. Akafika amafuna nkhope imene akuidziwa, munthu woti awalozere khomo loyenera kugogoda. Kwa zaka zoposa 40, anthu a m'midzi yotizungulira akhala akutsika njinga pakhomo pa Aphunzitsi asanapite kuchipatala kapena ku ofesi.

Kodi kukhalitsa kumampatsa chiyani munthu? Kumampatsa kudziwa anthu. Aphunzitsi anaphunzitsa bambo, anadzaphunzitsa mwana wa bamboyo, ndipo lero mdzukulu akumwa phala m'manja mwawo. Bungwe likabwera ndi mndandanda wa olandira thandizo, iwo amangouyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Agogo akuseri kwa njanji aja mwawasiya." Zimenezi sizipezeka mufayilo. Kukhalitsa kumampatsanso munthu kukhulupirika. N'chifukwa chiyani kope la chipepeso pamaliro timawapatsa iwo? N'chifukwa chiyani amayi a banki m'khonde anawasungitsa bokosi? N'chifukwa choti munthu wokhalitsa alibe kothawira. Akakulakwirani lero, mawa mukumana naye kuchigayo. Aphunzitsi takumana nawo kuchigayo zaka zonsezi, ndipo sanayambe ayang'anapo kumbali.

Mwayi wochoka unalipo. Anzawo amene anamaliza nawo ku Bembeke ena anakakhala m'maofesi akuluakulu. Iwo anasankha kutsala. Ndikubwerezanso, anasankha kutsala, ndipo zonse zimene ndinene kutsogoloku zinatheka chifukwa cha chisankho chimenecho.

Mfundo yachiwiri: ntchito yawo

Achinyamata, inu simunaone chaka cha 1994. Boma latsopano litalengeza kuti pulayimale ndi yaulere, ana a sukulu m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, chifukwa ana a amphawi amene ankangoweta mbuzi analowa m'kalasi. Koma makalasiwo kunalibe. Tinkaphunzitsira pansi pa mitengo, bolodi titaitsamiritsa pathunthu, ana oposa zana atakhala pafumbi. Mvula ikagwa, sukulu yaweruka. Boma linalemba ntchito achinyamata zikwizikwi amene sanapite kukoleji ya uphunzitsi, n'kuwaphunzitsa kwa masabata ochepa chabe, kenaka n'kuwapatsa choko.

Anyamata ndi atsikana amenewo anafika pasukulu pathu ali ndi mantha. Mwana wa zaka 20 aime bwanji pamaso pa khamu la Sitandade 1 limene likulira, likumenyana, lina likufuna kukataya madzi? Aphunzitsi ankatsala nawo masana ana akaweruka. Ankawaonetsa kalembedwe ka sikimu ndi pulani ya phunziro, kaphunzitsidwe ka a, e, i, o, u ndi nyimbo, kawerengetsedwe ka masamu ndi timiyala ndi zitsekerero za mabotolo, ndiponso mmene ungakhazikitsire ana chete osagwira chikwapu. Palibe anawatuma, ndipo pamalipiro awo sipanawonjezeke tambala. Ena mwa achinyamata amenewo lero ndi mahedi a sukulu, ndipo ndikuona awiri akugwedeza mitu pamzere wachitatu apo.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene ntchito yolipidwa inabala ntchito yosalipidwa. Mphunzitsi aliyense amaitana mayina m'mawa. Mwana akajomba, ambirife timangolemba chizindikiro m'kaundula n'kupitirira. Aphunzitsi ankati mwana akajomba sabata yathunthu, Loweruka amanyamuka wapansi kukamuona kwawo. Ndipo m'zaka zimenezo, zimene ankakapeza kumeneko zinali zofanana khomo ndi khomo. Bambo anaikidwa chaka chatha. Mayi ali gone pamphasa, atatha thupi lonse. Mwana wa Sitandade 4 ndiye akutunga madzi, akuphika phala, akuchapa nsalu za mayi ake.

Edzi inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, koma kwa zaka zambiri dzina lake sitinkalitchula. Ena ankati ndi kanyera, ena tsempho, ena ankaloza nkhalamba ya m'mudzi kuti ndi mfiti. Pamaliro tinkangoti wadwala nthawi yaitali. Kuchipatala mabedi anadzaza, ena ankagona pansi, ndipo odwala ambiri ankabwezedwa kuti akasamalidwe kunyumba. Koma kunyumbako akasamalidwe ndi yani? Achibale ena ankaopa ngakhale kugwira mbale imene wodwala wadyera.

Apa ndi pamene Aphunzitsi ndi amayi anzawo a kumphakati anayamba kuyenda m'makomo. Posakhalitsa amayi a Mvano ndi amayi achisilamu analowa nawo gululo, chifukwa matendawa sankafunsa kuti umapemphera tsiku liti. Ndikufuna ndinene ntchito imene ankagwira, ndiinene poyera, kuti tisamangoti "ankathandiza odwala" ngati kuti kunali kukapereka moni. Ankasambitsa anthu akuluakulu amene sankatha kudzuka. Ankatsuka zilonda za pamsana zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi. Ankachapa zofunda za munthu wotsegula m'mimba. Magolovesi akasowa, ankavala majumbo m'manja n'kuwamanga ndi luzi. Ankamwetsa phala ndi sipuni kwa munthu amene m'kamwa mwake munali zilonda zokhazokha, sipuni imodzi, n'kudikira, sipuni ina. Wodwala akatsirizika usiku, iwo ndi amene ankamutseka maso, n'kutuma mwana kukauza amfumu. Akatero m'mawa ankasamba n'kupita kukaima kutsogolo kwa kalasi.

Kenaka inabwera njala ya 2002. Mu February chaka chimenecho Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi. Kuno kwathu, kumene mvula imavuta ndi kale, anthu anadya gaga, ena mizu ya nthochi. Wodwala wopanda chakudya sachedwa. Gulu la Aphunzitsi linkasonkha ufa pambale pambale, ndipo ufa wambiri unkachokera m'thumba la malipiro a mphunzitsi mmodzi.

Zinthu zinayamba kusintha mu 2004. Chaka chimenecho Pulezidenti yemweyo ananena pagulu kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, ndipo m'zipatala za boma munayamba kuperekedwa ma ARV aulere. Koma mankhwala kukhala m'chipatala sikuti munthu wamwa. Anthu ankachita manyazi kukaima pamzere pamene aliyense wodutsa angawaone. Aphunzitsi anakayezetsa magazi iwo eni, n'kumanena poyera kuti akayezetsa. Ankaperekeza anthu, kukhala nawo pabenchi mpaka dzina liitanidwe, ndipo pobwerera ankawakumbutsa tsiku lokatenganso mankhwala. Muno muli anthu amene tinali titawalira kale, koma lero akulima, akukwatitsa ana. Sindiwaloza, akudzidziwa okha.

Atapuma pantchito mu 2016, tinkayesa kuti tsopano akhala pansi. M'malo mwake anatsegula sukulu ya mmera mpoyamba ili kuseri kwa tchalitchi, mothandizana ndi amfumu amene anapereka malo. Chifukwa chake anachifotokoza mosavuta. Anati pa zaka zonse zimene anaphunzitsa Sitandade 1, ankadziwa pa sabata yoyamba mwana amene wadya ndi amene sanadye, amene anagwirapo pensulo ndi amene akuiona koyamba. Anafuna kuti ana a m'dera lino azifika ku Sitandade 1 ali okonzeka. Analowanso m'gulu la amayi la pasukulu, limene limatsata atsikana osiya sukulu chifukwa cha mimba kapena ukwati. Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka lakhalapo kuyambira 1993, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Koma lamulo silipita lokha pakhomo pa munthu kukakambirana ndi malume ake a mwana. Amapita ndi munthu, ndipo munthuyo ayenera kukhala amene malumewo angamutulutsire mpando.

Mfundo yachitatu: banja

Pamwambo ngati uno timakonda kunena kuti munthu anagwira ntchito yaulere. Abale anga, ntchito yaulere kulibe. Ntchito iliyonse ili ndi amene amailipira. Iyi anailipira ndi a pabanja pawo.

Bambo athu akhala apowo, amene ambirife tinavala yunifolomu yotuluka pamakina awo pakhonde la sitolo, ndiimirire pamaso panu ndikuthokozeni. Masiku amene mayi ankachezera kwa odwala kapena kugona pasiwa, inu ndi amene munkasonkha moto. Munkaphika nsima, kusambitsa ana, kuwaperekeza kusukulu, kenaka n'kukatsegula makina. Amuna anzanu pabawo ankakusekani kuti anakudyetsani khuzumule. Mawu amenewo munkawamva, ndipo simunabweze. Mukanati tsiku lina, "Mayi, zakwana, khalani pakhomo," palibe akanakudzudzulani, koma makomo ambiri akanatsala opanda wowayendera. Amuna anzanga, ndikufuna tiphunzirepo apa. Mayi aliyense amene mumamuona akutumikira mudzi, kunyumba kwake kuli wina amene wavomera kusenza gawo la katundu wake, kapena kuli mkangano umene ife sitiumva.

Ndipo inu ana a m'nyumba imeneyi, amene mwachokera kutali kudzakhala nafe lero, tinakubwerekani mayi anu osakupemphani. Munabadwa anayi, koma munakula asanu ndi atatu, chifukwa mayi anu aang'ono atamwalira ana awo anabwera, ndipo ena awiri anachokera m'makomo a odwala aja. Bulangete limene likanafunda mmodzi linafunda atatu. Thumba la ufa limene likanafika kumapeto kwa mwezi linkatha pa 20. Nyumba ya njerwa imene makolo anu anayamba kumanga inakhala zaka zambiri yopanda denga, mpaka ndalama za penshoni zitatuluka. Analipo masiku amene munafuna mayi anu kuti akuthandizeni homuweki kapena angokhala nanu, koma iwo anali pakhomo pa eni. Ngati nthawi zina mumtima munkadandaula, simunalakwe. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambiwu timaunena mosavuta pakamwa, koma amene amaumva kulemera kwake ndi mwana wa m'nyumbamo, amene ndiwo yake yagawidwa pawiri. Lero mudzi uno ukukuthokozani inunso, aliyense payekha.

Mfundo yachinayi: ife

Tsopano ndilankhule ndi ife tonse, ndipo mundikhululukire ngati mawu ena aluma.

Anthu a m'dziko muno tili ndi chifukwa chokayikira ntchito yopanda malipiro. Makolo athu anagwira thangata m'minda ya azungu. M'nthawi ya chipani chimodzi kunali Youth Week, imene inamanga milatho ndi makalasi ambiri, koma munthu sunkafunsidwa ngati ukufuna. Demokalase itabwera, ambiri anati ntchito ya chitukuko ndi thangata, boma lichite lokha. Kenaka anabwera mabungwe ndi maphunziro a m'mahotela, ndipo tinaphunzira mawu atsopano. Lero ukaitana msonkhano wa chitukuko, funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi kuli alawansi?" Ukati kulibe, mipando imakhala yopanda anthu.

Ndisanamizire, umphawi ndi weniweni. Mayi amene wasiya geni yake tsiku lathunthu wataya ndiwo za ana ake. Alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba amagwira ntchito yofanana ndi ya mphunzitsi, m'mawa uliwonse, ndipo ambiri salandira kanthu. Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti ayenera kulipidwa, ndipo akuluakulu a boma muli pano, mawu amenewa mupite nawo. Ngakhale bungwe lalikulu ngati Mary's Meals, limene linayamba kudyetsa ana a sukulu m'dziko muno mu 2002, likuyenda chifukwa cha amayi amene amadzuka m'bandakucha kukaphika phala osalandira malipiro. Dziko lino latsamira kwambiri pamsana pa amayi otere.

Koma pamene tikudikira kuti boma lichitepo kanthu, taonani mmene ife tawachitira Aphunzitsi. Tawasandutsa mjigo. Aliyense amabwera ndi ndowa yake, kupopa, n'kumapita. Mwana wadwala, kwa Aphunzitsi. Kalata ya ku ofesi yavuta kuwerenga, kwa Aphunzitsi. Banja lasokonekera, maliro agwa, fizi yaperewera, kwa Aphunzitsi. Koma tsiku limene komiti ya mjigo imayenda kutolera ndalama zogulira zipangizo, makomo amakhala otseka. Timadzazindikira kufunika kwake tsiku limene wathyoka, tayambanso kumwa madzi a mu Rivirivi.

Aphunzitsi akula. Maondo akuwavuta, ndipo mtunda umene ankayenda kale sangauyendenso. Amayi amene anayamba nawo gulu lija ambiri anatisiya. Ndikayang'ana amene amabwera kudzaphika phala la ana Lolemba m'mawa, ndimaona nkhope zomwezomwezo, za imvi zokhazokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu imene yalisenza mpaka pano yatopa. Chitenje ndi mbale zimene tawagulira lerozi n'zabwino, alandire ndi manja awiri. Koma ine ndawadziwa mayiwa kwa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti usiku sagona chifukwa cha funso limodzi: ndikadzalephera kudzuka, ana aja adzawatsegulira chitseko ndani?

Funso limeneli ndi lathu. Achinyamata amene mwamaliza Fomu 4 ndipo mukudikira ntchito, m'mawa umodzi pa sabata mukhoza kukaimba ndi ana aja ndi kuwaphunzitsa kugwira pensulo. Pitani pamene Aphunzitsi adakali ndi mphamvu zokuonetsani kachitidwe kake, monga anaonetsera anzanu a 1994. Abambo, ntchito imeneyi si ya amayi okha. Nkhuni zophikira phala zimafuna nkhwangwa, chimbudzi cha ana chikufuna kukumbidwa, ndipo wodwala wamwamuna amamasuka akamasambitsidwa ndi mwamuna mnzake. Inu amene munaphunzira m'manja mwa mayiwa ndipo lero muli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, amene mudzawerenge mawuwa atasindikizidwa, thumba limodzi la chimanga kapena la soya pa chaka silingakugwetseni. Ndipo inu ogwira ntchito m'boma amene mwatumizidwa kuno, mwina mudzakhala zaka zitatu zokha. Zaka zitatuzo khalani ngati kwanu. Lowani m'komiti ya sukulu, pitani kumaliro a aneba anu, dziwani mayina a ana a pakhomo loyandikana nalo. Aphunzitsi nawonso tsiku lawo loyamba anali mlendo wonyamula sutukesi.

Denga la sukulu ya ana ija likudontha mbali ya kumvuma, ndipo mvula yoyamba ili pafupi. Amisiri aona kuti pakufunika malata 14, mitengo ndi misomali. Amfumu avomera kuti ntchito iyambe Loweruka likudzali, 7 koloko m'mawa, dzuwa lisanakwere. Pakhomo potulukira pali tebulo, ndipo alembi a komiti akhala pamenepo ndi makope awiri, lina la zopereka, lina la mayina a amene adzabwere kudzagwira ntchito ndi tsiku limene angathe. Musadutse patebulopo osaima.

Aphunzitsi, mayi athu, bambo athu, ndi ana nonse a m'nyumba imeneyi, Mulungu akusungeni.